Tax credits inatha: zimene Mmalawi wa ku UK ayenera kudziwa asanalembetse thandizo la boma

Lamlungu lina titaweruka mapemphero, tili m'holo ya tchalitchi ndi mbale za mpunga m'manja, ndinamva mayi wina wachikulire akulangiza mtsikana amene anali atangofika kumene kuchokera ku Mzuzu. "Mwananga, usamadzipanikize ndi lendi. Pita ukalembetse tax credits. Ine ana anga onse anayi ndinawalera ndi imeneyo." Mayiwa ndi namwino. Anabwera kuno nthawi ija anamwino ankachoka m'zipatala za kwathu motsatizana, ndipo atapeza mapepala okhazikika analandiradi ndalamazo zaka zambiri. Sankanama. Koma mtsikanayo akanatsatira malangizowo akanagwa m'dzenje kawiri. Choyamba, tax credits, ndalama ija boma linkawonjezera kwa olandira zochepa ndi mabanja a ana, kulibenso: inatsekedwa pa 5 Epulo 2025, ndipo m'malo mwake muli Universal Credit. Chachiwiri, viza yake yosamalira okalamba simulola kukhudza thandizo la boma ngakhale tambala imodzi.

Uphungu wambiri umene umayenda m'magulu athu a pa WhatsApp ndi wotere: unali woona m'chaka cha 2008, lero ndi msampha. Boma la Britain lakhala likudula thandizo la anthu olandira zochepa pang'onopang'ono kwa zaka zoposa khumi, ndipo malamulo amene anatsala amaluma penipeni pamene ife Amalawi timakhala: ana ambiri, maliro akumudzi, kapoloti ka ku Lilongwe, chipereganyu. Tiyambe ndi viza, chifukwa zina zonse zimadalira pamenepo.

Onani kaye viza yanu

Makadi a viza aja otchedwa BRP anatha ntchito kumapeto kwa 2024, tsopano zonse zili pa eVisa, viza ya pa intaneti. Lowani mu akaunti yanu ya UKVI, nthambi ya boma yoona za maviza, muwerenge zimene zalembedwa. Mukaona mawu akuti "no public funds" kapena "no recourse to public funds", ndiye kuti Universal Credit, Child Benefit, Housing Benefit ndi kuchotseredwa council tax chifukwa cholandira zochepa si zanu. Ambiri amene anabwera pa viza ya Skilled Worker, ya Health and Care Worker, ya sukulu kapena yotsatira mwamuna kapena mkazi ali m'gulu limeneli. Kukhoma msonkho mwezi uliwonse sikusintha kanthu. Kubereka mwana kuno sikusinthanso kanthu, ndipo ngakhale mwanayo akhale nzika ya Britain, kholo limene lili ndi chiletsochi silingalembetse Child Benefit m'dzina lake.

Choopsa n'chakuti fomu ya pa intaneti ikhoza kukulolani kulemba mpaka kumapeto, mwinanso ndalama n'kuyamba kulowa. Zimadzaululika tsiku lowonjezera viza kapena lopempha kukhazikika, pamene a Home Office akufunsa ngati munalandirapo thandizo la boma. Pamenepo mubweza ndalama zonse, ndipo mapepala anu ali pachiswe.

Banja limene mmodzi ali ndi mapepala okhazikika pomwe mnzake ali ndi chiletso liyenera kusamala kwambiri, chifukwa apa ndi pamene lamulo linasintha mwakachetechete. Nthawi ya tax credits awiriwo ankalembetsa limodzi ndipo sizinkawerengedwa ngati mlandu kwa wachiletsoyo. Mu Universal Credit wamapepala uja amalandira ngati munthu mmodzi, koma malipiro ndi ndalama zosunga za mnzakeyo zimawerengedwa ndithu pochotsera. Pamlomo pa wachiletsoyo sapawerengera, koma m'thumba mwake amapisamo.

Mmene anadulira

Working Tax Credit ndi Child Tax Credit zinayamba mu Epulo 2003, Gordon Brown ali nduna ya zachuma. Ngakhale dzinalo likutchula msonkho, inali ndalama yolowa mu akaunti kuchokera ku HMRC, ofesi ya boma ya msonkho, yowonjezera pa malipiro a anthu ogwira ntchito zolipira pang'ono ndi mabanja a ana. Kudula kunayamba boma la David Cameron litangolowa. Mu 2011 gawo la ndalama zolipirira osamalira ana linatsika kuchoka pa 80 kufika pa 70 pa 100 iliyonse. Mu 2012 banja la awiri lokhala ndi ana linauzidwa kuti maola 16 pa sabata sakukwananso, pakufunika 24.

Chikwanje chachikulu chinabwera mu bajeti ya Julaye 2015. George Osborne, nduna ya zachuma nthawiyo, anati kuyambira Epulo 2016 ndalama imene munthu angapeze pa chaka asanayambe kuchotseredwa itsike kuchoka pa £6,420 kufika pa £3,850, ndipo pa paundi iliyonse yopitirira pamenepo azichotsa 48p m'malo mwa 41p. Taganizirani mayi wolandira £15,000 pa chaka. Pa lamulo lakale ankamuchotsera cha m'ma £3,500, pa latsopano akanamuchotsera £5,350. Ndiye kuti £1,800 ndi kanthu yapita, ntchito ili yomweyo, lendi ili yomweyo. Boma linkafuna kupulumutsa £4.4 biliyoni pa chaka, ndipo mabanja oposa 3 miliyoni akanakhudzidwa. Osborne ankati malipiro otsikitsitsa akwera kufika £7.20 pa ola ndiye zibwezerana, koma owerengera bwino anaonetsa kuti kukwerako sikukanatseka dzenjelo.

Pa 26 Okutobala 2015 nyumba yachiwiri ya malamulo, House of Lords, inavota kuti zimenezi ziyambe zaima, motsogozedwa ndi Baroness Hollis ndi Baroness Meacher, chinthu chosachitikachitika pa nkhani za ndalama. Patapita mwezi, pa 25 Novembala, Osborne anabwerera m'mbuyo. Manyuzipepala anaimba nthungululu, ndipo ambiri a ife tinaganiza kuti nkhani yatha.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene tinapusitsidwa. Zimene anazisiya pakhomo lakumaso anazilowetsera lakuseri. Kudula kofananako kunachitika ndithu mu Universal Credit mu Epulo 2016, ndipo boma linkadziwa kuti aliyense adzasamukira kumeneko tsiku lina. Kuyambira 2016 mpaka 2020 thandizo silinakwere ngakhale pang'ono pomwe mitengo m'sitolo ikukwera. Malire a ndalama zonse zimene banja lingalandire, aja amati benefit cap, anatsika kuchoka pa £26,000 kufika pa £23,000 ku London ndi £20,000 kwina konse. Kenako pa 6 Epulo 2017 kunabwera lamulo la ana awiri. Nthawi ya Covid anawonjezera £20 pa sabata, koma pofika Okutobala 2021 anaichotsa. Pomaliza penipeni anthu a tax credits anatumiziridwa makalata otchedwa Migration Notice, owapatsa miyezi itatu kuti asamukire ku Universal Credit, ndipo amene anangoika kalatayo pamwamba pa firiji thandizo lawo linaima.

Universal Credit imawerengedwa bwanji

Iyi imachokera ku DWP, unduna woona za ntchito ndi mapenshoni, osati ku HMRC, imabwera kamodzi pa mwezi, ndipo imasintha mwezi ndi mwezi malinga ndi zimene abwana anu auza a msonkho kuti akulipirani. Tiyese ndi mitengo ya chaka cha 2025/26. Mayi wa zaka zoposa 25, wopanda mwamuna pakhomo, ali ndi mapepala okhazikika, ana awiri, wina wobadwa 2015 wina 2019, lendi £700. Iye mwini amamuwerengera £400.14, mwana woyamba £339.00, wachiwiri £292.81, kuphatikiza lendi ija zonse zikwana £1,731.95. Malipiro ake atachotsa msonkho ndi £1,400. Pa ndalama imeneyi £411 yoyamba saikhudza. Pa £989 yotsalayo amachotsa 55p pa paundi, yomwe ndi £543.95. Mu akaunti mwake mulowa £1,188.

Tsopano mayiyu atenge shifiti ina ya usiku, apeze £100 yowonjezera atakhoma kale msonkho. Mwezi umenewo Universal Credit itsika ndi £55, yake ndi £45. Sindikunena kuti musatenge ovataimu, chifukwa £45 ndi ndalama ndithu. Ndikunena kuti muziwerengera £45 osati £100 pamene mukulonjeza fizi ya mwana wa achemwali kumudzi. Dziwaninso kuti ngati nyumba ndi ya landilodi wamba, lendi salipira yonse imene mwalemba ayi. Amatsatira mulingo wa dera lanu wotchedwa Local Housing Allowance, ndipo mulingo umenewu boma lakhala likuuimitsa zaka zingapo pomwe lendi ikuthamanga.

Mukalembetsa koyamba mumadikira pafupifupi masabata asanu. Mukhoza kupempha advance, koma imeneyo ndi ngongole, azidula pa thandizo lanu mpaka miyezi 24. Tengani yokwanira chakudya ndi lendi basi. Ndalama zolipirira osamalira ana amabweza mpaka 85 pa 100, kuposa kale, kungoti mumayamba mwalipira nokha n'kutumiza malisiti, ndipo wosamalirayo akhale wolembetsedwa ku boma. Anti a kutchalitchi amene amakusungirani ana pa £20 ya pamanja sawerengedwa.

Pali kamsampha kena kamene kamagwira kwambiri anthu a ntchito za care ndi za m'mawarehouse. Makampani ambiri amalipira masabata anayi alionse, osati pa mwezi. Pa chaka ndiye kuti malipiro 13, ndipo mwezi umodzi malipiro awiri agwera m'nthawi imodzi yowerengera. Kompyuta ikaona £2,800 m'malo mwa £1,400 imaganiza kuti mwalemera, thandizo la mwezi umenewo n'kutsika kwambiri, mwina mpaka ziro. Tengani kalendala lero, lembani masiku a malipiro a chaka chonse, mupeze mwezi umenewo musanafike, musungeko lendi. Kwa olipidwa pa mwezi amene abwana awalipira msanga chifukwa cha Khirisimasi kapena tchuthi, lamulo linakonzedwa mu 2020: lembani mu journal yanu, tsamba lolemberana ndi a DWP mu akaunti yanu ya Universal Credit, kupempha kuti malipiro enawo awasunthire mwezi wake.

Mwana wachitatu

Kwathu ana atatu ndi banja laling'ono. Kuno kuyambira 6 Epulo 2017 mwana wachitatu kapena wotsatira wobadwa pa tsikulo kupita m'tsogolo sankawerengeredwa gawo lake, mu tax credits ngakhale mu Universal Credit. Pa mitengo ya 2025/26 ndi pafupifupi £3,500 pa chaka pa mwana aliyense. Panali zopatula zochepa, monga mapasa obwera pambuyo pa mwana wachiwiri kapena ana olera a abale, ndi china chimene chinakwiyitsa anthu ambiri chouza mayi kuti apereke umboni woti anatenga pakati mokakamizidwa. Mu bajeti ya pa 26 Novembala 2025, nduna ya zachuma nthawiyo, Rachel Reeves, analengeza kuti lamuloli lichoka kuyambira Epulo 2026.

Musathamangire kuvina. Onetsetsani kaye kuti ana onse analembedwa pa claim yanu, chifukwa ena sanavutike n'kulemba wachitatu poganiza kuti n'kungotaya nthawi. Chinanso, benefit cap ikadalipo: £25,323 pa chaka ku London ndi £22,020 kwina kwa mabanja. Banja limene lagunda kale denga limeneli silingaone kusintha ngakhale mwana wachitatu awerengedwe. Njira yodziwika yochokera pansi pa dengali ndi ntchito: m'chaka cha 2025/26 banja lopeza £846 kapena kuposa pa mwezi silikhudzidwa. Amene muli ku Scotland, ndipo kumeneko tilipo ambiri, muli ndi mwayi wina wa Scottish Child Payment, yoposa £25 pa sabata pa mwana aliyense wosakwana zaka 16, koma nayonso ndi ya okhawo amene viza ikuwalola.

Nthawi yomweyo imene boma likupereka ndi dzanja ili, dzanja linalo likutenga. Gawo la Universal Credit la anthu odwala osatha kugwira ntchito alidula pafupifupi ndi theka kwa ambiri olembetsa kumene kuyambira Epulo 2026.

Maliro akumudzi

Apa ndi pamene ndaona anthu akulira kawiri. Tax credits inkalola munthu kukhala kunja kwa dziko masabata asanu ndi atatu, ndipo pa maliro kapena matenda mpaka masabata 12. Achikulire athu anazolowera zimenezo: kupita Disembala, kubwera Febuluwale. Universal Credit imalola mwezi umodzi wokha. Ngati ulendo ndi wa imfa ya mwamuna, mkazi, mwana kapena wachibale wapafupi, akhoza kuwonjezera mwezi wina, koma mukhale mutawauza. Ndipo lamulo limayang'ana zimene munakonza ponyamuka: ngati tikiti yanu ikuonetsa kale masabata asanu ndi limodzi a tchuthi wamba, musayembekezere kuti alipira anayi oyambawo n'kusiya awiri. Claim ikhoza kuvuta kuyambira pachiyambi.

Uthenga wa maliro umafika usiku, mutu suli m'malo, mukusaka tikiti ya ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, mukutumiza ndalama ya bokosi ndi ya ufa wa pasiwa. Palibe amene amaganiza za journal. Koma mizere iwiri ndi yokwanira, ngakhale mutailemba muli pa eyapoti: mayi anga amwalira, ndikunyamuka tsiku lakuti, ndibwera tsiku lakuti. Pobwera tengani kopi ya chikalata cha imfa kapena kalata ya kuchipatala, ndipo sungani maboarding pass. Za kumeta, kugawa katundu ndi kukambirana za minda zimakoka masiku, tonse tikudziwa, ndipo amalume sangamvetse kuti mukuthamangira chiyani. Auzeni poyambirira tsiku limene mukuchoka. Ndege ikasintha, lembaninso mu journal tsiku lomwelo. Child Benefit ili ndi malamulo ake, ikadali pa masabata asanu ndi atatu kapena 12, ndiye musasakanize ziwirizi.

Poloti ndi chipereganyu

Kusiyana kwakukulu pakati pa tax credits ndi Universal Credit, kumene Amalawi ambiri sanakumve bwino, ndi uku: tax credits sinkafunsa kuti mwasunga zingati, inkangoona zimene mukupeza pa chaka. Universal Credit imafunsa. Ndalama zosunga ndi katundu zikapitirira £16,000 simulandira kanthu. Pakati pa £6,000 ndi £16,000 amachotsa £4.35 pa mwezi pa £250 iliyonse. Wosunga £10,000 amataya £69.60 mwezi uliwonse. Amene anasamuka kuchokera ku tax credits ndi kalata ija anapatsidwa miyezi 12 yoti ndalama zopitirira £16,000 zisawerengedwe, ndipo kwa ambiri nthawi imeneyo inadutsa.

Katundu wakunja kwa Britain amawerengedwanso. Poloti ya ku Area 49, nyumba ya lendi ku Chilomoni, akaunti ya ku banki ya kwathu, zonse fomu imafunsa. Ndikudziwa zimene mukuganiza: adziwa bwanji? Amadziwira pa masitetimenti a kubanki. Masiku ano claim iliyonse ikhoza kuunikidwa, ndipo amapempha masitetimenti a miyezi inayi a maakaunti onse. Akaona £600 ikupita ku Malawi mwezi ndi mwezi ndi mawu akuti "simenti" kapena "malata", funso lotsatira mukulidziwa kale. Kunena zoona nthawi zambiri sikuwononga monga mmene timaopera. Mtengo amauwerengera pa zimene katunduyo angagulitsidwe lero, kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo khumi la zolipira pogulitsa ndi ngongole ngati ilipo, ndipo ndi mmene kwacha inagwera, poloti zambiri zikasinthidwa kukhala mapaundi sizifika patali. Munda wa makolo umene suli m'dzina lanu ndipo simungaugulitse nokha ndi nkhani ina, ifotokozeni momwe ilili. Chimene chimapha ndi kubisa, chifukwa zikaululika amawerengera kuyambira tsiku loyamba.

Kutumiza ndalama kwa makolo kuchokera pa malipiro anu si mlandu. Chimene amachiyang'anitsitsa ndi kutumiza mulu waukulu, tinene £12,000, sabata imodzi musanalembetse. Akaona kuti cholinga chinali kutsitsa ndalama zosunga, amaziwerengera ngati mukadali nazo.

Nanga chipereganyu? Anthu khumi, £300 aliyense, mwezi wanu ukafika £2,700 ya anzanu n'kugwa mu akaunti kuchokera kwa mayina asanu ndi anayi. Kwa ife n'zachizolowezi. Kwa wounika masitetimenti zikuoneka ngati bizinesi yosalembetsa. Woipitsitsa ndi msungichuma wa gulu, kaya la chipereganyu kaya la thumba la maliro, amene amasunga ndalama za anthu mu akaunti yakeyake. Ngati muli pa Universal Credit kanani udindo umenewo, kapena gulu litsegule akaunti yapadera. Lembani mgwirizano wa tsamba limodzi: mayina, ndalama, ndondomeko ya olandira, aliyense asayine. Potumiza lembani mawu amodzimodzi nthawi zonse. Ndipo ngati mukugwira ntchito muli pa Universal Credit, yang'anani Help to Save: mumasunga mpaka £50 pa mwezi kwa zaka zinayi, boma n'kuwonjezera 50p pa paundi iliyonse, mpaka £1,200. Chipereganyu chilichonse chimene ndikuchidziwa sichibereka chotero.

Ngongole zakale

Tax credits inali ndi nthenda yake: ankalipira moyerekeza, chaka chikatha n'kuwerengera bwino, ndipo malipiro anu akakwera pakati pa chaka mumapezeka kuti mwalandira mopitirira. Ineyo zinandigwera chaka chimene ndinawonjezera maola osauza aliyense. Envelopu ya khaki inakhala masabata atatu pansi pa mbale ya zipatso, ndikuidutsa ngati sindikuiona, ndipo nditaitsegula nthawi yodandaulira inali itatsala pang'ono kutha. Kulakwa kunali kwanga, koma ndikanaitsegula msanga ndikanagona tulo masabata atatuwo, chifukwa titakambirana pa foni ngongoleyo inagawidwa pang'onopang'ono.

Kutha kwa tax credits sikunafafanize ngongolezi. Zambiri zinasamutsidwira ku DWP ndipo zikudulidwa pa Universal Credit, kapena pa malipiro kwa amene sakulandira thandizo. Kuyambira kumapeto kwa Epulo 2025, malire a zimene angadule pa ngongole zambiri anatsika kuchoka pa 25 kufika pa 15 pa 100 ya gawo limene amawerengera inu mwini, osaphatikiza la ana ndi la lendi. Ngati ngakhale imeneyo ikukusiyani opanda chakudya, imbani ku Debt Management, ofesi ya ngongole ya DWP, mupemphe kuti atsitse, muli ndi pepala la zimene mumawononga pa mwezi. Ngati simukugwirizana ndi chigamulo chilichonse cha Universal Credit, pemphani kuti achiunikenso, zimene amati mandatory reconsideration, pasanathe mwezi umodzi, molemba, ndipo jambulani zimene mwalembazo. Akakana, apilo ya ku tribunal ndi yaulere. Ife tinakula tikuopa ofesi ya boma, kuvula chipewa pakhomo. Kuno kudandaula ndi mbali ya dongosolo, palibe amene akusungireni chakukhosi.

Kwa inu amene viza ikukuletsani

Mtsikana wa ku Mzuzu uja sikuti alibiretu pogwira. Si zonse zochokera ku boma zimene zili "public funds". Sukulu za boma ndi zaulere kwa ana anu. Maola 15 a nazale kwa ana a zaka zitatu ndi zinayi ku England ndi a aliyense. Kuyambira 2022 ana a mabanja a chiletso amaloledwa chakudya chaulere cha kusukulu ngati banjalo likupeza zochepa, kungoti fomu yake ndi yapadera, kafunseni ku ofesi ya sukulu. Malipiro a matenda ndi a uchembere ochokera kwa abwana, komanso Maternity Allowance, ndi anu. New Style Jobseeker's Allowance, ya ofuna ntchito, ndi New Style ESA, ya odwala osatha kugwira ntchito, zimachokera pa National Insurance imene munalipira, ndiye sizili m'gulu loletsedwa, ngakhale zimafuna kuti mukhale mutalipira mokwanira zaka ziwiri zapitazo.

Pali ndalama zinanso zimene timangozisiya kwa a msonkho. Yang'anani tax code pa payslip yanu. Ambiri imayenera kukhala 1257L, kutanthauza kuti £12,570 yoyamba pa chaka sikhomedwa msonkho, mulingo umene sunakwere chiyambire 2021, komwenso ndi kudula kwina kosaimba ng'oma. Mukaona BR kapena 0T pa ntchito yanu yaikulu, mwina akukudulani mopitirira. Ngati mumachapa nokha yunifolomu, pali kachotsera ka msonkho. Ngati mumayendetsa galimoto yanu kuchoka kwa nkhalamba iyi kupita kwa ina ndipo abwana amakupatsani zosakwana mulingo wa HMRC pa mailo, mukhoza kupempha kuchotseredwa msonkho pa kusiyanako, kubwerera m'mbuyo zaka zinayi. Chitani nokha pa GOV.UK. Makampani otsatsa pa Facebook kuti akutengerani refund amadya gawo lalikulu pa ntchito ya mphindi khumi.

Zikafika poti ana agona ndi njala kapena mukuthamangitsidwa m'nyumba, khonsolo ili ndi udindo pansi pa Section 17 ya Children Act 1989 wothandiza mwana wovutika ku England, kaya makolo ali ndi chiletso kaya ayi. Ambiri timaopa kuti a social services atilanda ana, koma umphawi pawokha si chifukwa choti akulandeni mwana. Pitani ndi munthu wodziwa, monga a bungwe la Project 17 kapena a law centre ya dera lanu. Amene muli pa viza ya banja kapena ya njira ya zaka khumi mukhoza kupempha a Home Office kuti achotse chiletsocho, pempho lake amati change of conditions ndipo ndi laulere. Koma apa pondani mosamala. Mu 2025 boma linatulutsa maganizo oti nthawi yodikira kukhazikika ikwere kuchoka pa zaka zisanu kufika khumi, ndi oti amene analandirapo thandizo la boma azidikira zaka zowonjezera. Musanapemphe, funsani loya kapena mlangizi wolembetsedwa ndi Immigration Advice Authority, omwe kale ankatchedwa OISC. Abale aja odziwa zonse a m'gulu la WhatsApp, amene amatenga £200 kuti akulembereni fomu, sadzakhalapo tsiku lokana viza.

Safunsa anadya phula, koma zimatengera mwafunsa yani. Pa za Universal Credit, Citizens Advice ili ndi thandizo laulere la Help to Claim. Musanapite, lowetsani ziwerengero zanu mu calculator ya Turn2us kapena ya entitledto, simufunika kulemba dzina. Bwerezani mwezi wa Epulo uliwonse, chifukwa ndi pamene mitengo yambiri imene ndatchulayi imasintha, ndipo bwerezaninso mwana akabadwa, lendi ikakwera kapena mnzanu akasamukira m'nyumba mwanu. Popita kwa mlangizi nyamulani share code ya eVisa, nambala ija yoonetsera ena viza yanu, mapayslip a miyezi itatu, mgwirizano wa lendi, masitetimenti a maakaunti onse kuphatikizapo ya kwathu, ndi makalata onse a khaki, ngakhale amene simunawatsegule.